Mafunso ndi mayankho: kuika chishalo pamalo pake pa njinga yapamsewu ndi yam'mapiri

Mafunso ali m'munsimuwa amachokera kawirikawiri kwa anthu amene angogula kumene njinga yapamsewu, ija ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, kapena njinga yam'mapiri, imene ambiri timangoitchula kuti mountain bike. Chishalo chimasuntha m'njira zitatu zokha: chimakwera kapena kutsika, chimapita kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo mphuno yake imawerama kapena kudzuka. Pokonza, muziyamba ndi kutalika, kenako malo ake kutsogolo ndi kumbuyo, kenako kapendamidwe, ndipo mahandulo muziwakhudza pomalizira, chifukwa chishalo chikasuntha, mtunda wofikira pa mahandulo nawonso umasintha.

Kodi ndikakhala pachishalo mapazi anga ayenera kuponda pansi?

Ayi. Chishalo chimakonzedwa poganizira kupalasa, osati kuima. Munthu wamkulu amene chishalo chake chili pamalo oyenera amangokhudza pansi ndi nsonga za zala za phazi limodzi, ndipo pa njinga zambiri zam'mapiri, zimene ekiselo ya mapedulo (ija yapakati imene mikono ya mapedulo imazungulirapo) imakhala patali ndi nthaka, ngakhale zalazo sizifika. Mukafuna kuima mumatsika pachishalo n'kupita kutsogolo, phazi limodzi pansi, linalo pa pedulo.

Ambiri mwa ife tinaphunzirira pa njinga za makolo athu, ndipo tinakula ndi maganizo akuti chishalo chotsika ndicho chotetezeka. Akabaza ambiri amachitsitsanso mwadala, ndipo chifukwa chawo n'chomveka: amaima pafupipafupi ali ndi munthu kapena thumba la chimanga pakaliyala, motero amafuna phazi lifike pansi msanga njinga isanagwe. Koma mukawayang'ana pachitunda mudzaona mawondo akukwera mpaka kufupi ndi mahandulo ndiponso akutuluka m'mbali, ndipo mtengo wake amaulipira ndi mawondowo. Wopalasa makilomita 60 kapena 100 pa njinga yapamsewu alibe chifukwa chotengera zimenezo. Amene ayenera kuponda pansi ndi mapazi onse awiri ali pachishalo ndi mwana kapena wamkulu amene akuphunzira kumene, ndipo akangozolowera, chishalocho chiyenera kukwezedwa pang'onopang'ono.

Ndilibe chida chilichonse choyezera. Ndingapeze bwanji kutalika koyambira?

Gwiritsani ntchito chidendene. Imikani njinga pafupi ndi khoma kuti mutsamire ndi phewa kapena chigongono, valani nsapato zimene mumapalasira, khalani pachishalo monga mumakhalira nthawi zonse, ndipo ikani zidendene pa mapedulo. Palasani chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Pamene pedulo yafika kutali kwambiri ndi chishalo, mwendo uyenera kuwongoka bwinobwino chidendene chisanachoke pa pedulo ndiponso chiuno chisanapendekere mbali imeneyo. Malo akutali kwambiriwo si pansi penipeni ngati pa 6 koloko, koma kutsogolo pang'ono, pamene mkono wa pedulo walunjika mzere umodzi ndi paipi ya felemu imene yanyamula chishalo.

Ngati bondo likadali lopindika, kwezani chishalo. Ngati chidendene chikusiyana ndi pedulo kapena mukuchita kupendeka kuti mufikire, tsitsani. Mukabwezera phazi pamalo ake opalasira, pamene pedulo ili pansi pa chikhatho cha phazi kufupi ndi zala, bondo lidzakhala lopindika pang'ono, ndipo kupindika kumeneko ndiko kukufunika. Njirayi nthawi zambiri imasiya chishalo chotsikirako ndi mamilimita ochepa, makamaka ngati nsapato zili ndi chidendene chopyapyala, koma kulakwira chotsika pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kulakwira chokwera.

Ndinamva kuti pali masamu ake. Kodi amawerengera bwanji, nanga ndi odalirika?

Masamu alipo, ndipo onse amayambira pa kuyeza utali wa mwendo kuchokera pansi kufika mphechepeche. Vulani nsapato, imani chotsamira khoma mapazi atatalikirana pang'ono, ikani buku la chikuto cholimba pakati pa miyendo ndi kulikwezera m'mwamba mwamphamvu monga chishalo chimakanikizira mukachikhalira. Wina alembe pakhoma ndi pensulo pamene pathera msana wa bukulo, kenako muyeze ndi tepi kuchokera pansi. Yezani katatu, chifukwa ambiri amagwira bukulo mopepuka ndipo amapeza nambala yochepa ndi sentimita yathunthu.

Njira yotchuka kwambiri imadziwika ndi dzina la Greg LeMond, wa ku America amene anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990, ngakhale kuti masamuwo anachokera kwa mphunzitsi wake wa ku France, Cyrille Guimard. Mumachulukitsa utali wa mwendo ndi 0.883, ndipo chimene mwapeza ndi mtunda wochokera pakati pa ekiselo ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo, potsata paipi ya felemu. Munthu wa mwendo wa masentimita 82 amapeza masentimita 72.4. Njira ina, yakale kuposa imeneyi, inachokera m'kafukufuku wa Hamley ndi Thomas wa mu 1967. Mumachulukitsa ndi 1.09, koma muyezo wake umayambira pa pedulo ili pamalo ake akutali kwambiri. Kwa munthu yemweyu imapereka masentimita 89.4, ndipo mukachotsera mkono wa pedulo wa masentimita 17 mumatsala ndi 72.4, nambala yomweyo. Ubwino wa njira yachiwiriyi ndi woti imawerengera utali wa mkono wa pedulo, umene umasiyana njinga ndi njinga: ina ndi mamilimita 165, ina 170, ina 172.5 kapena 175.

Vuto la masamu onsewa ndi loti amayeza mwendo ngati ndodo. Saganizira utali wa phazi, kufewa kapena kulimba kwa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, kukhuthala kwa nsapato, kapena kuti wina amapalasa chidendene chili pansi pamene wina amapalasa zala zitaloza pansi. N'chifukwa chake akatswiri ambiri okonzera anthu njinga amayeza kupindika kwa bondo lenilenilo. Ofufuza Holmes, Pruitt ndi Whalen analemba mu 1994 kuti pedulo ikakhala pansi, bondo liyenera kupindika ndi madigiri pakati pa 25 ndi 35 kuchokera pa mwendo wowongoka. Mukhoza kuyesa zimenezi ndi foni: mnzanu akujambuleni kuchokera m'mbali, kamera ili molingana ndi chiuno chanu, ndipo pa chithunzicho mulembe mzere wochokera pafupa la m'chiuno kufika pabondo ndi wina wochokera pabondo kufika pakakolo. Dziwani kuti pa kanema wa munthu amene akupalasadi, bondo limaoneka lopindika kwambiri ndi madigiri angapo kusiyana ndi pa chithunzi cha munthu woima, motero musasakanize miyezo iwiriyi.

Maganizo anga ndi akuti nambala ya masamu muziitenga ngati poyambira chabe. Ikafanana ndi imene mwapeza ndi chidendene, kapena ikasiyana nayo ndi mamilimita osapitirira 5, yambirani pamenepo, ndipo zotsalazo zidzadziwika mutapalasa maulendo angapo.

Ndingadziwe bwanji kuti chishalo chatsikitsa kapena chakweretsa?

Bondo ndilo limayamba kunena. Wopalasa mozungulitsa mapedulo ka 90 pa mphindi amapinda bondo lililonse ka 5,400 pa ola limodzi, choncho cholakwika cha mamilimita ochepa chimene simungachimve pozungulira pabwalo chimadzaonekera pa ola lachiwiri.

Chishalo chikatsikitsa, ululu umamveka kutsogolo kwa bondo, chifukwa mwendo umakankha mwamphamvu bondo lili lopindika kwambiri, ndipo kafupa kakutsogolo kwa bondo kamakanikizika pa fupa la ntchafu. Ntchafu zimatopa msanga ndi kuyaka moto pachitunda chaching'ono, ndipo mumangofuna kusunthira kumbuyo kwenikweni kwa chishalo kuti mwendo upeze malo. Chikakweretsa, ululu umamveka kuseri kwa bondo, kumbuyo kwa ntchafu kapena pa mtsempha wa pamwamba pa chidendene. Zala zimaloza pansi pofunafuna pedulo, mumatsetserekera kumphuno ya chishalo, ndipo chiuno chimagwedezeka uku ndi uku. Kugwedezeka kumeneku inu simungakuone, koma mnzanu wopalasa pambuyo panu amakuona bwino, makamaka ngati malaya anu ali ndi mzere kapena matumba kumsana. Kumabweretsanso kupweteka kwa m'munsi mwa msana ndi kunyuka kwa khungu mphechepeche, nthawi zambiri mbali imodzi, chifukwa thupi limasankha mwendo umodzi woufikitsa bwino n'kusiya winawo ukuvutika.

Ndisinthe ndi mamilimita angati nthawi imodzi?

Ngati chishalo chili kale pafupi ndi malo oyenera, sinthani ndi mamilimita 2 kapena 3, ndipo mupalase maulendo awiri kapena atatu musanasinthenso. Ngati mwakhala zaka mukupalasa chishalo chotsika ndi masentimita 3 kapena kuposerapo, musachikweze tsiku limodzi; kwezani mamilimita 5 pa sabata kuti minofu ndi mitsempha zizolowere. Musasinthe zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, chifukwa ululu ukatha kapena ukawonjezeka simudzadziwa chimene chachititsa.

Nanga kutsogolo ndi kumbuyo, chishalo chiyenera kukhala pati pa njanji zake?

Pansi pa chishalo pali tizitsulo tiwiri tonga njanji, ndipo mukamasula mabawuti a chopanira, chishalo chimatsetsereka pa njanjizo ndi masentimita awiri kapena atatu. Njanji zambiri zili ndi timizere tosonyeza malire, ndipo chopanira sichiyenera kudutsa malirewo, chifukwa njanji zimapindika kapena kuthyoka pamene zayamba kukhota.

Njira yakale yoyambira ndi ya chingwe. Njinga ikhale pamalo osapendeka, mikono ya mapedulo igone chopingasa ngati pa 3 koloko ndi 9 koloko, ndipo mnzanu alendeweretse chingwe chomangirira nati kapena kamwala kuchokera kutsogolo kwa bondo la mwendo umene uli patsogolo. Chingwecho chiyenera kugwera pa kaekiselo ka pedulo yakutsogoloyo kapena pafupi nako. Chikagwera kutsogolo kwambiri, bwezani chishalo m'mbuyo. Chikagwera kumbuyo kwambiri, chikankhireni kutsogolo. Njirayi si lamulo la chilengedwe, ndipo Keith Bontrager, wopanga mafelemu wa ku California, anaitsutsa kalekale ponena kuti palibe chifukwa chenicheni chakuti bondo likhale pamwamba pa pedulo. Iye ankanena zoona, koma chingwecho chimathandizabe kupeza poyambira.

Chimene chimaweruza bwino ndi kulemera kumene kukugwera m'manja. Pamsewu wosalala wopanda magalimoto, palasani mwamphamvu ndithu manja ali pa mahandulo, kenako muyese kuwapepuza mpaka zala zokha zizikhudza. Ngati mukutha kukhala choncho osagwera kutsogolo ndiponso osatsetserekera kumphuno ya chishalo, thupi lanu lakhazikika bwino pakati pa chishalo ndi mapedulo. Ngati mukugwera kutsogolo nthawi yomweyo, chishalo chapita kutsogolo kwambiri. Ngati mukumva kuti mimba yapanikizika pa ntchafu ndiponso kuti mukukankha mapedulo kuchokera kumbuyo, chabwerera kwambiri.

Kumbukirani kuti paipi ya felemu ndi yopendekera kumbuyo, pa njinga zambiri zapamsewu ndi madigiri 73 kapena 74. Choncho mukabweza chishalo m'mbuyo ndi sentimita imodzi, mwachitalikitsanso kuchokera ku mapedulo ndi mamilimita pafupifupi 3, ndipo muyenera kuchitsitsa ndi mlingo womwewo kuti mwendo uziwongoka monga kale. Mukachikankhira kutsogolo, muyenera kuchikweza ndi mlingo womwewo.

Mahandulo ndikuwaona kuti ali kutali. Kodi ndingokankhira chishalo kutsogolo?

Musatero. Mukakankhira chishalo kutsogolo kuti mufikire mahandulo, kulemera kwa thupi kumasamukira m'manja, ndipo dzanzi la m'zala ndi kupweteka kwa khosi kumene mumathawa kumawonjezeka. Chishalo chimakonzedwa potengera miyendo. Mahandulo akatalika, sinthani kachitsulo kamene kamawalumikiza ndi foloko, muikepo kakafupi, kapena muwakweze. Ngati mtunda wotsala ndi waukulu, ndiye kuti felemu yakukulirani.

Kodi mphuno ya chishalo iloze pansi kapena m'mwamba?

Yambani ndi chishalo chogona mosapendama. Ikani kathabwa pamwamba pake ndi kuyeza ndi levulo ya amisiri omanga, kapena ndi pulogalamu ya levulo ya pafoni, njinga ili pamalo osapendeka. Zishalo zina zili ndi kumbuyo kodzuka, ndipo pa zimenezi mumayeza gawo lapakati ndi lakutsogolo pamene mumakhaladi, osati kuchokera nsonga kufika nsonga.

Mphuno ikadzuka ngakhale pang'ono, imakanikiza malo ofewa a pakati pa miyendo, pamene pamadutsa mitsempha yopita ku ziwalo zobisika, ndipo thupi limadziteteza pobweza chiuno m'mbuyo ndi kukhotetsa msana. Ikawerama kwambiri, mumatsetserekera kutsogolo ndipo manja, mapewa ndi mawondo zimagwira ntchito yokubwezerani pachishalo ulendo wonse. Anthu ambiri amakhazikika pakati pa chishalo chosapendama ndi choweramitsa mphuno ndi digiri imodzi kapena awiri, makamaka amene amapalasa atawerama kwambiri. Ngati mukufunika kuweramitsa kwambiri kuti mupeze mtendere, kawirikawiri vuto lili pena: chishalo chakweretsa, mahandulo atsikitsa, kapena chishalocho sichikugwirizana ndi thupi lanu.

Zopanira zilipo za mitundu iwiri. Cha mabawuti awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, chimalola kusintha pang'onopang'ono: mumamasula wina ndi kumanga winayo. Cha bawuti imodzi chokhala ndi timano chimadumpha kuchokera pa dzino lina kupita pa lina, ndipo nthawi zina malo amene mukufuna amakhala pakati pa mano awiri. Zikatero, kusintha paipi ya chishalo kumathandiza kuposa kulimbana ndi timanoto.

Kodi pa njinga yam'mapiri chishalo chimakhala mofanana ndi pa njinga yapamsewu?

Pokwera chitunda ndi popalasa pamalo athyathyathya, mwendo ndi womwewo ndipo umafuna kuwongoka mofanana. Wokwera msewu wa tala wochokera m'tauni ya Zomba kupita ku Ku Chawe pa njinga yapamsewu, ndi wokwera misewu yadothi ya pamwamba pa phirilo pa njinga yam'mapiri, onse awiri amafuna bondo lopindika pang'ono pedulo ikafika pansi. Koma nambala ya pa tepi ikhoza kusiyana pa zifukwa zingapo.

Njinga zambiri zam'mapiri zimabwera ndi mikono ya mapedulo ya mamilimita 170 kapena 175. Ngati ya pa njinga yanu yapamsewu ndi 170 ndipo yam'mapiri ndi 175, pedulo imatsika kwambiri ndi mamilimita 5, motero chishalo chiyenera kutsika ndi mamilimita 5 poyezera pa ekiselo ya mapedulo. Nsapato ndi mapedulo nazonso zimasiyana kukhuthala. Pa mapedulo athyathyathya osamangirira nsapato, anthu ambiri amaponda ndi pakati pa phazi, ndipo zimenezi zimafupikitsa mwendo kotero kuti chishalo chimafuna kutsika. Kuwonjezera apo, ambiri amatsitsa mwadala ndi mamilimita 5 mpaka 10 kuti azitha kunyamuka pang'ono pachishalo podutsa pa miyala, mizu ndi timabampu ta m'misewu yadothi, osaleka kupalasa.

Mashoko amasinthanso kapendamidwe. Njinga ya mashoko kumbuyo imatitimira ndi magawo pafupifupi 25 mpaka 30 pa 100 a kayendedwe ka shokoyo munthu akangokhalapo, ndipo kumbuyo kukatitimira kuposa kutsogolo, mphuno ya chishalo imadzuka. Pachitunda chachikulu imadzukanso kwambiri chifukwa njinga yonse yaloza kumwamba. N'chifukwa chake pa njinga zotere chishalo chimamangidwa mphuno itawerama pang'ono, kuti chizikhala chosapendama mukakhalapo. Pa njinga ya mashoko akutsogolo okha zimachitika mosemphana: foloko ikatitimira mphuno imawerama, choncho simufunika kuiweramitsa kwambiri.

Njira ya chingwe ija ilibe ntchito kwenikweni pa njinga zam'mapiri zamakono, zimene paipi ya felemu yaimirira kwambiri, madigiri 76 mpaka 78. Opanga amachita zimenezi mwadala kuti wopalasa akhale kutsogolo, tayala lakutsogolo lisamanyamuke pachitunda. Ngati pokwera malo otsetsereka tayala lakutsogolo likupepuka ndi kuyendayenda, kankhirani chishalo kutsogolo ndi mamilimita 5 ndipo muyesenso pachitunda chomwecho.

Chifukwa chiyani anthu amatsitsa chishalo potsika phiri?

Potsika malo a miyala munthu sakhala pachishalo. Amaima pa mapedulo, mawondo ndi zigongono zitapindika, ndipo njinga imavina pansi pake. Chishalo chokwera chimatsekereza chiuno kuti chisatsike kapena kubwerera m'mbuyo, ndipo tayala lakumbuyo likagunda mwala chimamenya wopalasa n'kumukankhira pamwamba pa mahandulo. Kale anthu ankaima pamwamba pa phiri, kumasula chopanira cha paipi ya chishalo, kutsitsa chishalo, kenako kuchikwezanso kumunsi. Mu 1984 Joe Breeze ndi Josh Angell anatulutsa Hite-Rite, sipuling'i imene inkabwezera chishalo pamalo ake munthu akamasula chopanira. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi paipi yotchedwa dropper post, imene imatsika mukakanikiza kabatani ka pa mahandulo mutakhalira chishalo, ndipo imadzuka yokha mukanyamuka ndi kukanikizanso. Zambiri zimatsika ndi mamilimita pakati pa 100 ndi 200. Ngakhale pamsewu yapezapo malo: Matej Mohorič wa ku Slovenia anapambana mpikisano wa Milan–San Remo mu 2022 atagwiritsa ntchito paipi yotere potsika chitunda cha Poggio.

Poikonza, ikwezeni mpaka pamapeto ake, ndipo kutalika kumeneko kukhale kutalika kwanu kopalasira. Ngati mwailowetsa yonse mu felemu koma ikadzuka ikukwererabe, ndiye kuti ndi yaitali kwa inu, ndipo mukufunika ina imene imadzuka mtunda waufupi kapena imene kadzukidwe kake kamachepetseka. Wopanda paipi yotere amate tepi pa paipi yake pamalo opalasira, kuti akatsitsa potsika phiri azibwezera pamalo omwewo osachita kuyerekeza.

Kutalika kuli bwino koma matako akupwetekabe. Kodi ndigule chishalo chofewa?

Pa ulendo wa mphindi 20 chishalo chofewa kwambiri chimakoma, koma pa ulendo wa maola atatu chimavutitsa, chifukwa mafupa okhalira amamira mu siponji ndipo siponjiyo imatukumukira pakati n'kukanikiza malo ofewa. Chofunika kwambiri ndi kukula kwa chishalo m'mimba mwake. Kulemera kwa thupi kuyenera kugwera pa mafupa awiri okhalira, ndipo kutalikirana kwawo kumasiyana munthu ndi munthu mosatengera kunenepa.

Mukhoza kuyeza kunyumba. Ikani chidutswa cha katoni wokhuthala pa benchi yolimba kapena pa sitepe ya simenti, khalanipo mapazi ali pa chinthu chokwererako, weramirani kutsogolo pang'ono ndipo mudikire kwa mphindi imodzi. Mukanyamuka mudzaona timaenje tiwiri. Lembani pakati pa kalikonse ndi choko kapena pensulo ndipo muyeze mtunda wake. Anthu ambiri amapeza pakati pa mamilimita 100 ndi 140. Chishalo chiyenera kuposa nambalayo ndi mamilimita pafupifupi 20 mpaka 30, ndipo n'chifukwa chake mumaona zishalo zolembedwa 143, 155 kapena 168. Wopalasa atawerama kwambiri amafuna chocheperako, wopalasa msana utadzuka amafuna chotakatako.

Kuwawa kwa pa mafupa okhalira m'masabata awiri oyamba n'kozolowereka ndipo kumatha. Dzanzi la ku ziwalo zobisika si lozolowera. Likayamba, imirirani pa mapedulo kwa masekondi angapo kuti magazi ayende, ndipo mukafika kunyumba muonenso kutalika ndi kapendamidwe, kapena muyese chishalo chokhala ndi mpata pakati. Dzanzi limene silikutha patapita maola mutatsika pa njinga, chotupa, kapena bondo lotupa, n'zofunika kupita nazo kuchipatala.

Kodi kwa amayi pali kusiyana?

Njira zopezera kutalika ndi zomwezo. Kusiyana kuli pa chishalo chenichenicho: mwa amayi ambiri mafupa okhalira ndi otalikiranako, ndipo akawerama kulemera kumagwera kutsogolo pa malo ofewa, motero chishalo chotakata, chamfupi mphuno kapena choweramitsidwa pang'ono chimawathandiza. Nkhaniyi inafika mpaka m'malamulo a mipikisano. Bungwe la British Cycling litafufuza zilonda ndi zotupa zimene akazi a m'timu yake ankavutika nazo, linapempha bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, la UCI, kuti lifewetse lamulo la kapendamidwe, ndipo kuyambira mu 2016 chishalo chimaloledwa kupendama mpaka madigiri 9, pamene kale malire anali pafupifupi 3. Lamulo lina la bungweli limati mphuno ya chishalo ikhale masentimita osachepera 5 kumbuyo kwa ekiselo ya mapedulo, koma limakhudza opikisana okha.

Ndakweza mpaka paipi yatsala pang'ono kutuluka. Kodi n'zoopsa?

N'zoopsa kwambiri. Paipi iliyonse ya chishalo ili ndi mzere, nthawi zambiri wolembedwa kuti MIN INSERT, ndipo mzerewo uyenera kukhala wobisika mkati mwa felemu. Komanso kumapeto kwa paipiyo kuyenera kufika m'munsi mwa pamene paipi yopingasa ya felemu yalumikizira. Ikalowa pang'ono chabe, kulemera kwanu kumaipotokola ndipo imathyoka kapena kung'amba khosi la felemu. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pa njinga zakaunjika, chifukwa munthu amagula imene waipeza, osati ya msinkhu wake. Ngati pakusowa masentimita ochepa, gulani paipi yaitali, ya mamilimita 350 kapena 400, koma ya kukula komweko m'mimba mwake. Nambalayo imalembedwa m'munsi mwa paipi, ndipo zofala ndi 27.2, 30.9 ndi 31.6, pamene njinga zina zakale kapena zotsika mtengo zimakhala ndi 25.4. Kuika paipi yocheperako n'kupanikizira kachitini kuti igwire kumathera pa felemu yong'ambika.

Chishalo chimatsika chokha ndikamapalasa, kapena chakana kusuntha. Nditani?

Chikamatsika chokha, tulutsani paipi, pukutani bwino paipiyo ndi mkati mwa felemu, onani ngati ndi ya kukula koyenera, kenako mumangenso. Zopanira zambiri zamakono zimamangidwa ndi Allen key ya 4 kapena 5, ndipo mlingo wa kamangidwe umalembedwa pa chopanira chomwecho, kawirikawiri 5 kapena 6 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti). Paipi kapena felemu yopangidwa ndi ulusi wa carbon, osati chitsulo, sifuna girisi wamba ndipo imasweka mukamangitsa. Ili ndi phala lake lokhala ndi timchenga limene limaigwiritsa popanda kumanga kwambiri. Paipi yachitsulo kapena ya aluminiyamu mu felemu yachitsulo imafuna girisi wochepa.

Girisi ameneyu ine ndinaphunzira kufunika kwake movutikira. Ndinagula felemu yachitsulo yakale pamsika osayesa kusuntha chishalo, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza kuti paipi ya aluminiyamu inali itamatirira mkati ngati yowotcherera. Zitsulo ziwirizi zikakhudzana kwa zaka pali chinyontho, pakati pake pamamera dzimbiri loyera limene limatupa ndi kutseka mpata wonse. Tinathira oilo kuchokera kumunsi njinga itagadama kwa masiku anayi, ndipo pomalizira makanika anapana paipiyo mu vaisi, ife awiri n'kumapotokola felemu yonse mpaka inalira n'kumasuka. Paipiyo inatayika, felemu inapulumuka. Kuyambira pamenepo ndimatulutsa paipi kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndi ikatha, n'kuipaka girisi, ndipo pogula njinga yakale ndimayamba ndamasula chishalo ndisanapereke ndalama.

Ndapeza malo abwino. Ndingawasunge bwanji kapena kuwasamutsira pa njinga ina?

Lembani nambala zitatu m'kabuku kapena m'foni. Yoyamba ndi kutalika kuchokera pakati pa ekiselo ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo, pamalo amodzimodzi a chishalocho nthawi zonse. Yachiwiri ndi mtunda umene mphuno ya chishalo ili kumbuyo kwa ekiseloyo: gunditsani tayala lakumbuyo kukhoma njinga itaima chilili, yezani kuchokera kukhoma kufika pa ekiselo ya mapedulo, yezaninso kuchokera kukhoma kufika pa mphuno ya chishalo, ndipo muchotsere yaing'ono ku yaikulu. Yachitatu ndi madigiri a kapendamidwe. Lembaninso utali wa mkono wa pedulo, umene umadindidwa kuseri kwake pafupi ndi bowo la pedulo, pamodzi ndi nsapato zimene munavala poyeza.

Ngati njinga inayo ili ndi chishalo cha mtundu wina, muyezo wa pamphuno ukhoza kukusocheretsani, chifukwa zishalo zamakono zamfupi zimakhala mamilimita pafupifupi 240 mpaka 250, pamene zakale zimafika 270 kapena 280. Zikatero, pezani pa chishalo chilichonse malo amene m'mimba mwake ndi masentimita 8, lembanipo kadontho pa tepi yomata, ndipo miyezo yonse iwiri, ya kutalika ndi ya kumbuyo, muziitengera pa kadonthoko.